Amene Anathira Mchere Ndine

Pakhomo pa apongozi anga, kuseri kwa Nsanama, mkazi sankapita kumwezi mobisa. Sikuti tinkalengeza, iyayi. Mchere ndiwo unkatiulula. Lamulo linali lakale lomwe lija, lakuti mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo kuopa kudula anthu ndi matenda aja ena amati tsempho, ife timati ndaka. Kwathu ku Ulongwe mayi anga ankangokodola kamwana kalikonse kodutsa, kathira, nkhani yatha. Koma apongozi anga ankati ana amawawitsa ndiwo, ndiye ntchitoyo anaipereka kwa mwana wawo wamkazi wamkulu, alamu anga, amene banja lawo linatha kalekale ndipo ankakhala pomwepo. Masiku anga akafika ndinkangosuzumira pakhomo la khitchini n'kunena kuti, "Alamu, ndiwo zapsa." Iwo ankabwera, kutapa mchere, kuwaza, kuvundula kamodzi, n'kumapita. Sankafunsa kanthu. Ndinkawaona ngati munthu wofatsa wosalowerera za eni, osadziwa kuti mwezi uliwonse akuwerenga.

Amuna anga anali ku Joni. Ulendo wawo woyamba unabala nyumba ya njerwa zootcha ndi malata, koma anaimanga pafupi ndi mayi awo, n'kudzanditenga kwathu. Mwambo wathu mwamuna ndiye amabwera kwa mkazi, ndipo mayi anga anakana ndithu, amvekere pamudzi pa eni ukadwala umabuula motsitsa. Ine malata anandichititsa khungu. Ndinapita. Ulendo wachiwiri anachoka mwana wathu wamkazi akuyamba kumene kuyenda, ndipo pamene zimene ndikunenazi zinkachitika n'kuti patatha chaka ndi theka ndisanawaone. Ankaimba foni Lachisanu lililonse akatuluka ku mzikiti. Sanali munthu wa nkhani zambiri, ankangofunsa za mwana, za munda, za mbuzi, kenako n'kunena kuti mayunitsi akutha. Komabe Lachisanu limenelo ndilo linkandigwira msana.

Mu Januwale Lachisanu lina linadutsa foni ili zii. Linadutsa lachiwiri. Ndikaimba, mzimayi wa Chizungu wa mu foni uja ankangondiuza zomwezomwezo, kuti nambala siikupezeka. Anzawo amene ankagona nawo chipinda chimodzi anati anatuluka m'mawa kupita kuntchito ndipo sanabwerere. Ena anati agwidwa chifukwa chosowa mapepala. Kenako pa mafoni panayamba kuyenda chithunzi cha munthu atagona m'mbali mwa msewu, nkhope ataiphimba ndi katoni, ndipo ankati ndi Mmalawi. Anavala jekete yofiira ngati imene amuna anga anavala pa chithunzi chomaliza chimene ananditumizira. Apongozi anayamba kulira maliro, amuna a pamudzi n'kuwaletsa kuti salira munthu asanaone mtembo. Ine sindinalire. Ndinkangokhala ndi chithunzicho, kuchikulitsa ndi zala kuti ndione nsapato, mpaka nsapatozo zinkasanduka timabokosi topanda tanthauzo. Ndinkachita zimenezi ndikamatunga madzi, ndikamapalira, ngakhale ndikangomaliza kupemphera swala.

Mvula ikakuona litsiro sikata. Mu Febuluwale mtsinje unasefukira n'kukwirira munda wanga wa kudambo ndi mchenga, chimanga chitayamba kale kumasula. Sabata yomweyo mwana anadwala malungo mpaka kukomoka, maso kutembenuka, ndipo tinakhala masiku asanu ndi limodzi m'chipatala. Anachira, koma ine ndinatulukamo ndili munthu wina. Chakudya chinkandikanira pakhosi. Tulo tinkabwera ta nkhuku, kungotsinzina n'kudzidzimuka. Chitenje chimene chinkandizungulira kamodzi ndi theka chinayamba kutsala pang'ono kuzungulira kawiri, ndipo tsitsi linkatsalira m'chipeso.

Mwezi woyamba sindinazindikire n'komwe kuti msambo sunabwere. Ndani akanawerenga masiku ali ndi maliro osatsimikizika m'mutu? Wachiwiri ndinazindikira. Ndinkadziwa bwinobwino kuti palibe mwamuna amene anandikhudza. Koma mantha alibe nzeru. Mabere ankandiwawa, m'mawa ndinkachita nseru, ndipo ndinayamba kukumbukira nkhani zonse zimene akazi amakamba pa mjigo, za amuna okhwima amene amalowa m'nyumba zotseka n'kugona ndi akazi a eni iwo osadziwa. Ine amene ndinafika Fomu 2, amene ndinkaseka nkhani zoterozo, ndinayamba kutsekera chitseko ndi mtondo. Ndinkadzigwira pamimba posamba, kusinikiza, kumvetsera. Tsiku lina ndinkamva ngati muli kanthu, tsiku lina ayi. Ndikamaopa kwambiri m'pamenenso thupi linkaumirira, koma zimenezo ndinadzazidziwa mochedwa.

Tsiku lina ndikutsuka mbale, alamu anadutsa ndi mtolo wa nkhuni, n'kuima pang'ono osautula.

"Masiku ano ndiwo sizikupsa, alamu?"

Anafunsa akumwetulira, n'kupitirira. Mbale inandipulumuka. Apo m'pamene ndinadziwa kuti sindinali ndekha powerenga, ndipo kuti iwo anayamba kale ine ndisanayambe.

Munthu wanzeru akanapita kwa apongozi tsiku lomwelo n'kunena kuti amayi, thupi langa laima, tiyeni mundiperekeze kuchipatala. Ine sindinali wanzeru, ndinali wamantha. Ndinaganiza kuti ndingogula mwezi umodzi, mwina pofika wotsatira zinthu zikhala zitabwerera. Choncho mu Malichi, masiku anga a nthawi zonse atakwana, ndinasuzumira pakhomo la khitchini n'kuitana alamu kuti ndiwo zapsa. Anabwera, anathira, anandiyang'ana nthawi yaitali kuposa kale. Ndipo popeza mkazi wa kumwezi saswali, ndinapinda mkeka wanga wa swala n'kuuika pamwamba pa kabati. Chimenecho chinandiwawa kuposa zonse. Nthawi imene ndinkafunitsitsa kugwetsa chipumi pansi n'kumufunsa Mulungu ngati amuna anga ali moyo, ndinkakhala pa khonde manja ali m'miyendo, kumvetsera anzanga akuswali, chifukwa cha bodza langa lomwe.

Bodzalo linakhala masiku awiri okha. Tsiku lachitatu masana ndinkaphika nkhwani wotendera. Mutu unali ku jekete yofiira ija. Dzanja linapita lokha m'kachitini, linatapa, linawaza, monga linkachitira masiku onse a moyo wanga. Ndinazindikira nditamva mtondo wa apongozi wasiya kulira. Ankasinja panja moyang'anizana ndi khomo la khitchini, ndipo anaona zonse.

Analowa, ananyamula poto ndi nsonga ya chitenje chawo, n'kukakhuthula ndiwo zonse kudzala. Atabwerera m'pamene anayamba. Iwo anali akutsokomola chiyambire dzinja, ndipo tsopano anati adziwa kumene chifuwacho chinachokera. Anati ndani akudziwa kuti ndakhala ndikuchita zimenezi kangati. Anati n'chifukwa chake mwana anakomoka, kuti ndadula mwana wanga yemwe ndi dzanja langa. Anauza alamu kuti athamange akaitane mayi wina wodziwa mankhwala a ndaka kuti tonse timwe zinthu zisanafike poipa.

Ndinaima pamenepo mthiko uli m'manja, ndikuona maenje awiri. Ndikakhala chete, ndine mkazi amene wadwalitsa mwana wake ndi apongozi ake. Ndikalankhula, ndine wabodza, ndipo funso lotsatira ndinkalidziwa. Za mwana wanga zija sindikanatha kuzisenza.

"Amayi, palibe amene ndamudula. Sindili kumwezi. Mwezi uno ndi wachitatu ndisanaone kanthu."

Alamu anali atafika kale pa mpanda. Anabwerera pang'onopang'ono n'kunena kuti iwo ankadziwa kuti ndi wachitatu. Apongozi akapsa mtima Chichewa chinkawathawa, ndipo anandifunsa m'Chiyao kuti mimbayo ndi ya ndani, motsitsa mawu ngati akufunsa mtengo wa tomato.

"Chitumbo cha ŵani?"

Ndinalumbira kuti mimba ndilibe, ndipo ngati ilimo ndiye sindikumudziwa mwini wake. Mawu omalizawo ndinanena chifukwa cha mantha aja a amuna olowa m'nyumba zotseka, koma iwo anawamva mwina. Kuyambira tsiku limenelo anasiya kudya chilichonse chophika ine.

Lolemba lotsatira ndinabereka mwana n'kunena kuti ndikukaona mayi anga ku Ulongwe. Linali bodza linanso. Chipatala chathu chapafupi sindinachifune, chifukwa amene ankasesa kumeneko anali mnzawo wa alamu, ndipo zotsatira zikanafika kunyumba ine ndisanamange chitenje. Ndinakwera kabaza mpaka pa Nsanama, minibasi mpaka pa Liwonde, ina mpaka ku Balaka, kumene ndinkaganiza kuti palibe ondidziwa.

Anamwino amene ndinawapeza anali mayi wachikulire wa magalasi. Anandipatsa kabotolo ka mkodzo, anaviikamo kopimira kaja, tonse n'kumadikira. Panatuluka mzere umodzi. Anandifunsa ngati ndikubayitsa jakisoni wolera, ndinati ndinasiya amuna anga atangochoka. Anandikweza pa sikelo, anandiyang'ana m'maso ndi m'zikhatho, kenako anafunsa ngati ndikudya, ngati ndikugona, ngati kunyumba kuli bwino. Funso lomalizalo linanditsegula ngati thumba lobooka. Ndinanena zonse, za foni, za chithunzi, za munda, za mwana, ndikulira mamina ali chuchuchu pamaso pa munthu wosamudziwa.

"Mimba mulibe, mayi. Chimene muli nacho ndi maganizo."

Anandifotokozera kuti mtima ukalemedwa kwa nthawi yaitali, munthu osadya, osagona, thupi limaimika msambo ngati mmene munthu amaimikira ntchito zina pakagwa zovuta pakhomo. Anati amaziona kwa azimayi ofedwa, ngakhale kwa atsikana oopa mayeso. Anati mtima ukakhazikika ubwera wokha, mwina wambiri kuposa nthawi zonse, ndipo ukapanda kubwera ndidzabwererenso adzandipime zina. Anandipatsa mapilitsi owonjezera magazi, n'kulemba zonse m'kabuku kanga ka kuchipatala. Ndinatsala pang'ono kukwiya. Masabata onsewa ndikutsekera chitseko ndi mtondo, chonsecho wakubayo ali m'mutu mwanga momwe.

Ndinatuluka thupi litapepuka. Ndinamugulira mwana chimanga chootcha, inenso ndinadya theka lake, koyamba kumva kukoma kwa chinthu chaka chimenecho. Pa depoti ndinakumana ndi bambo wina wa m'mudzi mwa apongozi wogula mbewu. Anandipatsa moni wa ulemu wonse, anamugwira mwana patsaya, n'kukwera njinga yake yamoto. Anakafika kumudzi ine ndisanawoloke pa Liwonde.

Nditafika ndinatulutsa kabuku kaja monyadira. Apongozi sadziwa kuwerenga. Alamu anakatembenuza uku ndi uku, zolemba za anamwino zili ngati mapazi a nkhuku, n'kundibwezera. Anangofunsa ngati masiku ano Ulongwe anasamukira ku Balaka.

Lachisanu la sabata yomweyo ndinamva nthungululu kunyumba kwa apongozi. Ndinathamanga manja ali ndi thovu la sopo. Foni ya alamu inali pakati pa anthu, ndipo mawu otulukamo anali a amuna anga. Anali moyo. Anawagwira opanda mapepala, anawatsekera masabata onsewo, foni inasowa komweko, ndipo anali atangotuluka kumene. Nambala imene ankaikumbukira pamtima inali ya mlongo wawo, osati yanga. Zimenezo sizinandipweteke tsiku limenelo. Ndinakhala pansi pa dothi n'kumaseka ndi kulira pamodzi. Ndinadya mbale ziwiri. Ndinagona dzuwa likadali pamwamba, osatsekera chitseko ndi chilichonse.

M'mawa mwake msambo unabwera. Unabwera monga ananenera anamwino aja, wambiri, wa magazi oundana, ndi ululu wondipinda pakati. Koma ndinasangalala ngati ndatola ndalama. Ndinaganiza kuti umboni wanga ndi umenewu, tsopano aliyense atseka pakamwa. Nthawi ya ndiwo itakwana ndinadzikoka mpaka pakhomo la khitchini n'kuwaitana alamu mokweza, kuti ndi apongozi omwe amve. Anabwera. Anandiona nditagwira khoma, milomo itayera, chitenje chitadetsedwa kumbuyo. Sanayandikire kachitini ka mchere. Anatembenuka n'kuuza mayi awo kuti mankhwala a ku Balaka agwira.

Walira mvula walira matope. Ndinapempha magazi nthawi yonseyo, ndipo atabwera anandimanga. Kuwerenga kwawo kunali kosavuta, mwana wa sukulu akanakutha. Mkazi waima miyezi itatu mwamuna ali kutali. Wanamizira msambo. Wazemba kupita ku Balaka Lolemba. Wamva Lachisanu kuti mwamuna ali moyo. Loweruka magazi. Ndikanakhala kuti ndikuimva nkhaniyi pa mjigo, yonena za mkazi wina, inenso ndikanagwedeza mutu.

Amuna anga anandiimbira patatha masiku awiri. Anati amva zonse. Ndinayamba kufotokoza kuchokera pa jekete yofiira, koma anandidula kuti mayunitsi akutha, ankhoswe akambirana.

Anakumana pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba ya malata ija. Kumbali yanga kunabwera mayi anga ndi amalume. Kwa amuna kunali amalume awo, apongozi, alamu ndi ashehe a pamudzipo. Foni anaiika pa mpando pakati pa bwalo, n'kuitsamiritsa ku kapu kuti isagwe, ndipo amuna anga ankamvera momwemo. Ndinkayang'ana kachinthu kameneko n'kumadzifunsa kuti ndiye banja langa lonse ndi limeneli.

Mayi anga anamenya nkhondo ngati nkhuku ya anapiye. Amalume anga anawaletsa kawiri kuti akhale pansi, iwo osamva. Anati mwana wawo anamulera okha ndipo amamudziwa. Anafunsa ngati pali munthu mmodzi amene anaona mwamuna akulowa kapena kutuluka m'nyumba mwanga, atchule dzina lake pomwepo. Panalibe. Anatumiza uthenga kwa aphunzitsi ena a pafupi kuti adzawerenge kabuku kaja pamaso pa onse. Aphunzitsiwo anabwera, anawerenga, n'kumasulira kuti apima ndipo mimba sanaipeze, vuto ndi nkhawa ndi kuchepa kwa magazi. Mtima wanga unayamba kutsika.

Amalume a amuna anga anadikira kuti aphunzitsi achoke. Kenako anafunsa mofatsa ngati alipo wachipatala amene angalembe ndi dzanja lake kuti wachotsa mimba ya munthu, chikhalirecho amamangidwa nazo. Anati iwo za m'mabuku sazidziwa, adziwa zitatu zokha, ndipo anandifunsa chimodzichimodzi. Kodi ndinaitana alamu kudzathira mchere ndisali kumwezi? Ndinavomera. Kodi ndinasiya swala popanda chifukwa? Ndinavomera. Kodi ndinati ndikupita ku Ulongwe n'kukapezeka ku Balaka? Ndinavomera. Anati munthu wosalakwa sanama katatu. Ndinafuna kuwauza kuti munthu wamantha amanama kakhumi.

Foni ija inakhosomola. Amuna anga anati iwo avutika mokwanira m'dziko la eni ndipo sangabwerere kudzasekedwa kwawo. Anapereka talaka yothetsa banja momveka bwino, mawu osanjenjemera. Ashehe anandiuza kuti ndidikire misambo itatu ndisanaganize za banja lina, kuti zidziwike ngati ndilibe pathupi. Ndinatsala pang'ono kuseka. Anati ndikhoza kudikirira m'nyumba momwemo, koma mayi anga anati mwana wawo sagonanso pamudzi umenewo ngakhale tsiku limodzi. Mwana ndi wa kuchikazi, ameneyo panalibe wotsutsa. Tinamanga zovala, mapoto anga awiri ndi mkeka wa swala.

Tinatsika minibasi pa Ulongwe dzuwa litapendeka. Amalume anakweza katundu pa kabaza n'kutsogola. Ife tinatsata wapansi m'kanjira kodutsa m'minda, mayi anga atabereka mdzukulu wawo amene anali atagona. Ndinkayenda kumbuyo kwawo ndikuyang'ana zidendene zawo zong'ambika. Banja linali litatha, dzina langa litaipa kuyambira ku Nsanama mpaka kumene foni imafika, koma mumtima munali kamalo kamodzi kofunda. Ndinkadziuza kuti pa dziko lonse pali munthu mmodzi amene akudziwa kuti sindinachite, ndipo ameneyo andikwanira.

Titadutsa nyumba zomaliza anachepetsa liwiro mpaka tinayenda mofanana. Anayang'ana kutsogolo ndi kumbuyo, n'kutsitsa mawu.

"Mwanangu, pano tatsala awiri. Za mwamunayo sindikufunsa, ndipo sindidzafunsa. Koma undiuze chimodzi. Ku Balaka kuja anakutsuka bwino m'mimba? Zotsalira zimapha."

Ndinaima. Ndinawayang'ana kumaso kufuna kuona ngati akundiyesa. Sankandiyesa. Maso awo anali ofiira, odzaza mantha, ndipo ndinazindikira kuti tsiku lonse lija, pamene ankakalipira anthu pansi pa mango, mumtima ankangoopa kuti ndiwafera m'manja. Ndikanatha kuyambanso, za maganizo, za mzere umodzi, za anamwino a magalasi. Kabuku kanali m'chikwama momwemo. Koma ndinali nditatopa, ndipo ndinaona kuti ndikakana sagona, aziti ndikubisa matenda.

"Ananditsuka, amao. Palibe chotsalira."

Anapumira m'mwamba, anathokoza Mulungu, n'kukonza mwana kumsana. Anandigwira dzanja monga ankachitira ndili wamng'ono, ndipo tinapitiriza ulendo.

Papita zaka tsopano. Ndimagulitsa tomato ndi anyezi m'mbali mwa msewu pa Ulongwe, ndipo mwana uja ali pa sukulu. Mayi anga akadali moyo. Munthu akayerekeza kunditchula moipa pamaso pawo amamutukwana mpaka kumuperekeza. Sanauzepo aliyense zimene ndinawauza m'kanjira kaja, ngakhale amalume. Mpaka lero amandisungira chinsinsi chimenecho.